Ndipemphere kuti mwana apite kapena kuti akhale?

NaBanda wa ku Zingwangwa:

Abale ndi alongo mwa Ambuye, nkhani yanga yatalikirapo, mundipirire. Maina sinditchula poti nkhaniyi ikadali kukhoti.

Kwathu tinabadwa akazi atatu ndi mwamuna mmodzi. Mwa akaziwo wamkulu ndine, ndimagulitsa kaunjika ku Limbe. Wondiponda pamutu ndi nesi ku America, anakwatiwa komweko, ndipo iye ndi alamu anga anatenga unzika wa kumeneko. Mzime wathu ankachita lendi ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche. Napolo uja wa namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anamukokolola usiku pamodzi ndi nyumba. Mwana wake wamkazi anapulumuka chifukwa anagona kwanga. Anali ndi malungo, ndiye ndinakaniza kuti asamuyendetse pamvula. Bambo ake analowera ku Joni mwanayo asanayambe n'kuyenda komwe. Pamaliro sanaoneke, ngakhale uthenga wachipepeso sitinaulandire.

Mng'ono wanga wa ku Americayu wakhala pabanja zaka zambiri osaona mphatso. Maliro atatha tinakhala pansi ndi achimwene, omwe ndiwo eni mbumba, n'kugwirizana kuti amutenge mwanayu akhale wake mwalamulo. Tonse tinati Mulungu wapukuta misozi iwiri ndi nsalu imodzi. Ku Mvano ndinaperekera umboni ndithu, amayi n'kululutira.

Kuchokera apo palibe chayenda mowongoka. Kumeneko anthu a bungwe anabwera kudzaona nyumba yawo, kuwafunsa za malipiro ndi za umoyo, kuwatenga zidindo za zala, ndipo zonsezo ndi madola. Kuno satifiketi ya imfa inavuta kutuluka chifukwa thupi linapezeka mochedwa ndipo tinaika mothamanga. Amene ankalemba lipoti la mwana pa ofesi ina anawasamutsa, wolowa m'malo mwawo anati ayambirenso. Tsiku la kukhoti litapezeka mng'ono wanga anapempha tchuthi, anagula tikiti, anafika. Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa, masana kalaliki n'kutiuza kuti tsiku lasinthidwa. Anabwerera yekha. Anasiya jekete yofiira yaubweya mkati ndi tinsapato ta m'chisanu kuti mwana adzavale potsika ndege. Pano manja a jeketeyo akulekeza m'zigongono.

Chomwe chatifoola kwambiri chachitika mwezi wathawu. Kunabwera azakhali a mwanayu kuchokera ku Chiradzulu, akuti bambo ake ali moyo, aimba foni, ndipo anenetsa kuti sasayina chilichonse, magazi awo sangapite kwa azungu. Munthu woti sanatumizepo ngakhale thewera.

Tsopano alangizi achuluka. Dobadoba wina akuti tisavutike, atha kutipezera satifiketi yakubadwa yatsopano yonena kuti amene anabereka mwanayu ndi mng'ono wangayo. Wina akuti akuchimunawo akungofuna kangachepe, tikawapatsa asayina. Mneneri wina anauza mng'ono wanga pa foni kuti pamtundu pathu pali mzimu wochedwetsa zinthu, afese mbewu kuti uthyoledwe. Anafesa, mbewu yake ya madola. Pano kutchalitchi anasiya, akuti Mulungu anamumana mimba, lero akumumananso uyu.

Koma chimene ndalembera n'china, ndipo sindinauzepo munthu. Pakamwa ndimapemphera kuti makomo atseguke. Koma tsiku lija kalaliki atanena kuti tibwerere, mng'ono wanga akulira, mtima wanga unangoti myaa. Mwanayu amanditchula amayi. Mvula ikayamba kumenya malata amathawira m'chitenje changa, kunjenjemera mpaka itakata. Ndimadzifunsa kuti kumeneko akadzamva bingu adzathawira kwa yani, ngakhale ndikudziwa kuti mng'ono wanga amamukonda ndi mtima wonse. Ndiye usiku ndimagona ndikuganiza: kodi mzimu wochedwetsawo si ine? Kodi Mulungu akumvera za pakamwa panga kapena za mumtima? Inu amene munadutsamo mu zotere, chikhulupiriro munachisunga bwanji, ndipo munkapempha chiyani kwenikweni?

Wopuma pa ntchito, Chilomoni:

Mayi NaBanda, pepani ndi zonse mwakumana nazo. Za mapemphero ayankha ena odziwa. Ine ndinagwira ntchito yoona za ana kwa zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndikuuzeni za mapepala, chifukwa nthawi zina munthu amakwiyira Mulungu pa chinthu choti ndi lamulo chabe likuyenda pa liwiro lake.

Lamulo lathu la Adoption of Children Act ndi lakale, la 1949, nthawi ya atsamunda. Limati wotenga mwana akhale wa zaka 25 kapena kuposera apo, amupose mwanayo ndi zaka 21, ndipo akhale wokhala m'Malawi. Mfundo yomalizayi ndi imene inamugwetsa Madonna mu Epulo 2009, pamene Justice Esme Chombo wa ku High Court ya ku Lilongwe anamukaniza kutenga Mercy James. Mu Juni chaka chomwecho Supreme Court of Appeal, konkuno ku Blantyre, inatembenuza chigamulocho n'kunena kuti nkhani yokhala m'Malawi isawerengedwe mouma, chachikulu n'chomwe chingamukomere mwana. Ngati munthu wa ndalama ngati uja, wa maloya akeake, anabwezedwapo, inu musadzione ngati otembereredwa. Komanso mng'ono wanu ndi mwana wa kuno, mayi ake aakulu a mwanayo. Loya wanu akudziwa pogwira.

Za bambo ake. Khoti limafuna chilolezo cha kholo lomwe lili moyo. Lamulo limalolanso woweruza kupitirira popanda chilolezocho ngati khololo linamutaya mwana, silikupezeka, kapena lakhala likukana dala kumuthandiza. Koma zimenezo n'zofuna umboni, ndipo poti bamboyo wayankhula, woweruza adzafuna kumva mbali yake. Musaiwale kuti chigamulo cha adoption chikatuluka, ufulu wonse wa bamboyo pa mwana umathera pomwepo. Si kanthu kakang'ono kumupempha munthu, ngakhale munthu wolephera.

Kwinaku a ku America ali ndi malamulo awoawo. Malawi sali mu pangano la ku Hague la 1993 lokhudza kutenga ana a m'maiko ena, choncho mng'ono wanu akudutsa njira ya fomu ya I-600, yomwe ndi ya ana amasiye malinga ndi lamulo la kumeneko. Ngati kholo limodzi lilipo, liyenera kukhala loti silingathe kumusamala mwana, ndipo lilembe kuti lamupereka osadzabwezanso mawu. Apo ayi pakhale umboni woti linamusiya kapena linasowa. Visa isanatuluke amafufuza okha. Kutanthauza kuti mutha kuwina kukhoti kuno koma mwana osakwera ndege.

Mukuona tsono chifukwa chake dobadoba uja ndi woopsa. Satifiketi yabodza ikawakayikitsa atha kupempha kuyeza DNA, ndipo bodza likaululika amene agwe m'mavuto ndi mng'ono wanu, nkhani ya mwana n'kufera pomwepo. Za kangachepe nazo, lamulo lathu la 1949 lija limaletsa kupereka kapena kulandira malipiro chifukwa cha mwanayo. Tsiku lina azakhaliwo akadzakwiya n'kuulula kuti munawapatsa ndalama, khama lanu lonse lalowa m'madzi. Ena adzakuuzani kuti mwana apite ngati wokacheza kenako asabwerenso. Limenelo ndi bodza lomwelo, komanso mu Ogasiti 2025 anayamba kuuza Amalawi ofuna visa yokacheza ku America kuti azisiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000.

Wa pa Ndirande:

Amayi, mundikhululukire, ine ndiyankhula zosakoma. Ndakhalako ku Joni. Si aliyense wokhala chete kumeneko amene anataya banja. Ena alibe mapepala, amagona asanu m'kachipinda kamodzi, akaona galimoto ya polisi amaganiza za Lindela, kumene amatsekera anthu oti abwezedwe kwawo, ndipo manyazi oti alibe chotumiza ndi amene amawatseka pakamwa. Sindikumuikira kumbuyo, maliro a mkazi wako sungawakhalire chete. Koma munthuyo mwayankhula naye inu eni ake, kapena mwangomva za azakhali?

Chachiwiri, bwanji tonse tangovomereza kuti kupita kunja ndiye dalitso? Ethiopia inatseka zopereka ana kwa akunja mu 2018, China inasiya mu 2024. Maiko amenewo sanapenge. Mwanayu amayi ali nawo pompano, ndinu. Ali ndi malume ake, ali ndi manda a mayi ake poti n'kudzamuonetsa akadzakula, Chichewa chake akuyankhula ndi anzake pabwalo. Ndalama zapita kwa maloya, ndege ndi mneneri uja zikanamulipirira sukulu yabwino mpaka Form 4. Mwina Mulungu anayankha kalekale, ife ndi amene sitikufuna kumva yankholo.

Mkulu wa mpingo, Soche:

Mwana wanga wa pa Ndirande, funso lako loyamba ndi lanzeru, koma pomaliza pako wathamanga. Kuti chinthu chavuta sindiye kuti Mulungu wakana, monganso kuti chayenda bwinobwino sindiye kuti wavomera. Yona pothawa anapeza chombo cha ku Tarisi chilipo, ndalama yolipira anali nayonso.

Mayi NaBanda, inu si mzimu wochedwetsa. Mafayilo sachedwa chifukwa mayi wina ku Zingwangwa amakonda mwana. Mukanati simukumva kalikonse poganiza kuti mwana amene mwakhala mukumupukuta mamina kuyambira 2023 akwera ndege, apo ndiye ndikanada nkhawa.

Mukawerenge 1 Samueli chaputala 1 ndi 2. Timakonda kulalikira za Hana akulira kupempha mwana, n'kuiwala kuti atamupeza anakamusiya ku Silo kwa Eli atangoleka kuyamwa. Ndipo chaka ndi chaka ankamusokera kamwinjiro n'kukamupatsa. Munthu wosoka chovala cha mwana amene sakumuona amachita kuyerekeza kuti pano watalika bwanji, mapewa akula bwanji. Mukuganiza kuti ankasoka akuseka? Mwana anapereka, koma umayi sanautule, ndipo palibe pamene Mulungu anamudzudzula chifukwa cha zimenezo.

Ndiye funso lanu lija, Mulungu akumva zonse ziwiri, za pakamwa ndi za mumtima. Chomwe chikukulemetsani n'choti mukuyesa kumubisira chimodzi. Ambuye Yesu m'Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire, m'pemphero lomwelo n'kugonjera chifuniro cha Atate. Sanadikire kuti mtima ukhale kaye m'malo. Muuzeni Mulungu momwe mwatiuzira ife: ndikufuna akhale, sindikufunanso mng'ono wanga afe ndi chisoni, ndipo chomwe chili chabwino kwa mwanayu mukuchidziwa ndinu. Limenelo ndi pemphero lathunthu. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndasiya kupempherera visa, n'kumapempherera anthu: mwanayo, woweruza, ndi bambo ake ku Joniko, momutchula dzina. Pemphero la bamboyo likuwawani pakamwa masiku oyamba, mupirire.

Za mneneri sindichulutsa. Mu Machitidwe 8 Simoni anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, yankho la Petro mukaliwerenge nokha. Chimene chimandipweteka n'choti anthu otere akadya ndalama, wotsala ndi mlandu amakhala Mulungu. Mng'ono wanu wakhumudwa ndi lonjezo limene munthu anamugulitsa m'dzina la Mulungu. Musamukalipire za kutchalitchi. Za dobadoba a ku Chilomoni anena kale. Ine ndingoonjeza kuti Sara naye anatopa kudikira n'kupeza njira yachidule, ndipo amene anakalira m'chipululu anali Hagara ndi mwana.

NaPhiri wa ku Chirimba:

Achemwali, ine ndiyankhulira mng'ono wanuyo, chifukwa njira akuyendayo ndi yomwe ndikuyenda ine.

Nanenso ndili ndi unzika wa ku America, ndipo ndinkafuna kutenga mwana wamwamuna wa malemu achimwene anga. Njira ya I-600 inakanika poti mayi ake ali moyo ndipo zofunika zija anena a ku Chilomoni sizinakwane. Loya anatiuza za njira ina: ngati khoti lakupatsa mwana asanakwane zaka 16, ndipo wakhala naye nyumba imodzi, ali m'manja mwako mwalamulo, kwa zaka ziwiri, utha kumuitanitsa ngati mwana wako pa fomu ya I-130. Ndinasiya ntchito, abambo akunyumba anatsala kumeneko, ine ndikuchita lendi ku Chirimba kuno, kutunga madzi m'zigubu mipopi ikauma.

Ndinkati ndabwera kudzadikira mapepala. Ndinapeza kuti mwana amene ankandimwetulira pa WhatsApp sankandidziwa. Ankamwetulira chifukwa agogo ake ankamuuza kuti seka, azakhali akukuona. Miyezi yoyamba nsima yanga ankangoitsina, kukada n'kumalirira kwa agogo. Tsiku limene anabwera yekha kudzandionetsa dzino logwedera, ndinalowa m'bafa kukalira. Mapepala akanatuluka msanga ndikanakwera ndege ndi mwana wonditenga ngati ndamuba. Sindikuti Mulungu anachedwetsa dala chifukwa cha zimenezo, ndipo munthu akandiuza choncho nthawi imeneyo ndikanamuthamangitsa pakhomo.

Kupemphera kunandikanika kwa nthawi ndithu. Amayi a kumpingo ankabwera Lachinayi, kuyala mphasa pakhonde, kuimba, kupemphera, ine ndili duu. Sanandifunsepo kuti bwanji simukuyankha ameni. Ankangobweranso sabata inayo. Mng'ono wanu zimenezi alibe. Kumeneko ukaweruka ku shifiti ya usiku umalowa m'nyumba, chitseko n'kutseka, ndipo ndikukhulupirira kuti muli kachipinda komwe anayala kale bedi. Palibe amene abwere kudzakhala naye, chifukwa si maliro.

Muuzeni zomwe zili mumtima mwanu. Musaganize kuti sakudziwa, mawu a mkulu wako umawamva ngakhale netiweki ikudukaduka. Chomwe chikumupha n'kuganiza kuti akulimbana yekha, inu mukungomuonerera. Ndipo mumufunse ngati angathe kubwera kudzakhalako kuno nthawi yotalikirapo, mvula ikamagwa azikhalapo.

NaBanda wa ku Zingwangwa:

Zikomo nonse, ndawerenga mobwerezabwereza.

A ku Ndirande, nambala ya bamboyo ali nayo ndi azakhali okha, ndiye tonse tikumvera kwa iwo. Achimwene akuti aipempha. Koma za sukulu ndi manda zija, si inu amene mudzamuyankhe mwanayu akadzakula n'kufunsa chifukwa chomwe tinamutsekera mwayi. Ine kaunjika ndagulitsa zaka zonsezi, belo ikukwera mtengo mwezi ndi mwezi, ndikudziwa pomwe mphamvu zanga zikulekeza.

Lamlungu madzulo ndinamuimbira mng'ono wanga n'kumuuza zonse, za tsiku la kukhoti lija zomwe. Anakhala chete mpaka ndinayesa bandulo yatha. Kenako anati, "Achemwali, nkhope yanu ndinaiona tsiku lija." Tinalira, kenako tinakanganako, iye akuti ndikanamuuza asanawononge ndalama zonsezi, ine ndikuti mwana si katundu woti tinalipira kale. Sitinamalize. Koma foni sanadule, ndipo wati afunsa kuntchito ngati angamupatse tchuthi chotalikirapo. Za kutchalitchi sindinazitchule, monga ananenera abambo a ku Soche. Dobadoba ndamuuza kuti asadzaimbenso.

Loweruka likubwerali tikupita ku Chiradzulu, ine, achimwene ndi mkulu wa mpingo wa kudera kwathu, kukakhala pansi ndi akuchimuna pamaso pa amfumu, bamboyo amuimbire tonse tikumva. Mwana sitimutenga ulendo uno. Funso langa kwa a ku Chilomoni: kwathu sitilowa pakhomo pa eni chimanjamanja. Kodi shuga, sopo ndi mchere nazonso khoti lingaziyese malipiro?

Wopuma pa ntchito, Chilomoni:

Shuga ndi sopo ndi ulemu wa mlendo, mayi, bola zikhale zochepa, muzipereke poyera mukangofika, ndipo musazilumikize ndi nkhani yosayina. Ndalama musatenge kupatula ya minibasi, ndipo musalonjeze kalikonse, ngakhale fizi ya ana a azakhaliwo. Loya wanu mumuimbire musananyamuke, mumuuze zomwe mwanyamula ndi amene mukupita nawo. Wina mwa inu alembe tsiku, maina a onse amene alipo ndi zomwe bamboyo wanena, amfumu adindepo. Akakana musakangane naye pa foni. Mufunseni ngati angafune kumuona mwanayo pa vidiyo, ndipo nambala yake muitenge inuyo.